Mutu 6: Digiri ya pa Foni

1. Ntchito za Lachinayi

Ntchito ya Upile inkayambira pabedi la a Hajiya. Kuwadzutsa, kuwakhazika tsonga, kuwasambitsa, kuwadzola mafuta, kuwaveka, kusintha nsalu zogonera. Kenako tiyi wawo, phala lawo ndi mankhwala a BP.

Akatero, kukolopa nyumba yonse yapansi ndi kupukuta mawindo. Fumbi la ku Doha ukalipukuta m'mawa, masana labweranso ngati linaiwala kanthu. Panali zovala za Madamu zochapa ndi kusita, makapu a khofi omwe alendo anasiya dzulo, maluwa ofunika madzi dzuwa lisanawaotche, zinyalala zokataya. Mphaka nayenso ankafuna kudya, ndipo sankadikira.

Upile anali mtsikana wa ku Ntaja, m'boma la Machinga. Atalemba mayeso a Fomu 4 anabwera kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Aziziya, dera lina la mzinda wa Doha. Tsopano kontirakiti yake ya zaka ziwiri inali pafupi kutha.

A Hajiya anali mayi awo a Madamu. Anadwala sitiroko, ndipo mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka. Kunyumbako kunkabwera dokotala wa mafizo, mayi wa ku Chipata ku Zambia, dzina lake Bernadette. Ntchito yake inali kuphunzitsa ziwalo zofookazo kugwiranso ntchito. Upile ankaima pakhomo la chipinda, chokolopera chili m'manja, kuonerera. Tsiku lomwe a Hajiya anaimirira okha n'kuponya phazi kutsogolo, Upile anaiwala kuti wasiya mpopi wotsegula kubafa. Kuyambira pamenepo sanafunenso ntchito ina. Ankafuna imeneyo.

Madamu ankadziwa zimenezi. Lachinayi limenelo anamuitanira kukhitchini. Ankalankhula Chingerezi chothira Chiarabu apa ndi apo.

"Upile, khala pansi. Mwana wanga ali ku America, ndamufunsa za sukulu yakoyo. Akuti kumeneko munthu amayamba ndi digiri ina iliyonse. Akamaliza ndiye amalowa sukulu ya mafizo. Iliyonse, wamva? Ndipo digiriyo ukhoza kuphunzira pa foni, uli m'nyumba muno. Fizi ndizilipira ine. Iweyo ungosayina zaka zina ziwiri. Mama safuna munthu wina, akufuna iwe basi."

Anamuonetsa pa foni yawo maphunziro omwe sukulu ya pa intaneti ija inali nawo. Business. Psychology. Sports Science. Public Health. Ndi ena omwe Upile sanathe n'kuwatchula komwe.

"Loweruka madzulo undiuze yomwe wasankha."

"Nanga yabwino ndi iti, Madamu?"

"Iliyonse! Yalla, fulumira, Mama akuitana."

Mawu akuti iliyonse amamveka ngati mwayi. Koma pitani pamsika ndi ndalama yanu yomaliza, wogulitsa akuuzeni kuti tengani nsalu iliyonse. Muona ngati simuima pomwepo mpaka miyendo kuwawa.

2. Dokotala wogwirizira

Mwezi umenewo Sisita Bernadette kunalibe. Anali kutchuthi kwawo. Asananyamuke anasiya supuni ya chigwiriro chachikulu ndi kapu ya zigwiriro ziwiri. Anati a Hajiya azidya okha, ngakhale zitenge m'mawa wonse.

Masiku oyamba Upile anayesa. A Hajiya ankanyamula supuni dzanja likunjenjemera, phala n'kutayikira pachifuwa. Ankatukwana m'Chiarabu, kenako n'kuyamba kulira. Upile sanapirire. Kwawo ku Ntaja, mwana akaima manja ali lende wamkulu akudzitayira chakudya, anthu amafunsa kuti analeredwa ndi ndani. Anatenga supuni ija n'kuiponya m'dirowa. Anayamba kuwadyetsa yekha.

Ankawamwetsa, kuwapesa, kuwaveka nsapato. Powadzutsa pampando ankawakoka mkono wofookawo, monga timakokera munthu amene wakhala pamphasa. Madzulo aliwonse ankawathowa. Ankaviika thaulo m'madzi otentha, kulifinya, n'kulisindikiza pamkono ndi paphewa, monga amayi ake ankachitira ndi aliyense wobinya mwendo kumudzi. Zina ankazionera pa foni, mavidiyo a azungu akupinda miyendo ya odwala.

A Hajiya anasiya kutukwana. Anayamba kumuitana kuti binti, kutanthauza mwana wanga.

Madzulo a Lachinayilo Upile anali kuwadyetsa mpunga, akuwalankhula m'Chichewa ngakhale sankamva.

"Mukuona, a Hajiya, dokotala wanu tsopano ndi ine. Kwangotsala digiri basi. Nanga inu mukuti nditenge iti?"

A Hajiya anayasama kudikira supuni ina.

3. Malangizo a ku Al Mansoura

Lachisanu linali tsiku lake lopuma. Anakwera sitima ya metro kupita ku Al Mansoura, dera lina la mzindawo, kwa Anti Nuriya.

Anti Nuriya anali a ku Mangochi. Anakhala kunja zaka zambiri, akuchapa ndi kusita nsalu za m'hotela. M'fulati mwawo munkagona amayi ambiri kuposa mabedi. Lachisanu atsikana a ku Malawi ankasonkhana kumeneko, kulukana tsitsi ndi kumwa karak, tiyi wa mkaka wa shuga wambiri uja.

Amene ankaluka Upile anali Tione, mtsikana wa ku Lilongwe woperekera zakudya mu hotela. Upile anakhala pansi pakati pa mawondo ake n'kufotokoza zonse.

"Ndiye vuto lili pati?" anatero Tione. "Madamu akulipira, iwe ukudandaula? Ndipatse ineyo Madamu akowo, iwe uzikanyamula mathireyi."

"Vuto ndi kusankha."

"Tenga Psychology, mwali. Mulibe masamu ambiri. Umangowerenga za maganizo a anthu, n'kulemba zomwe ukuganiza iweyo. Odwala akowo alibe maganizo?"

"Koma mafizo ndi a thupi."

"Mutu si thupi? Khala bwino, ndipinda mzere."

Mtsikana wina amene anagona pabedi lapamwamba anasuzumira pansi. "Grayson wophunzitsa zolimbitsa thupi ku jimu uja amati yoyenera ndi Sports Science."

"Grayson amauza mtsikana aliyense Sports Science," anatero Tione. "Akufuna uzikamufunsa homuweki."

Chipinda chonse chinaseka. Upile sanaseke.

"Nanga Public Health? Imeneyo ili ndi mawu a zaumoyo."

"Imeneyo ndi ya zimbudzi ndi kolera. Ukufuna uzikasuzumira zimbudzi za anthu ku Ntaja?"

"Ndinamva kuti ku Blantyre kuli sukulu yomwe umalowa mafizo ukangochoka Fomu 4, osayamba ndi digiri ina," anatero Upile. "Koma amafuna kirediti m'maphunziro a sayansi. Ine Biology ndinakhoza bwino. Chemistry ndi yomwe ndinapeza 7."

Tione anasiya kuluka. "Ndiye ubwerere ku Fomu 4? Ndi msinkhu wakowu? Uvale siketi ya yunifolomu, ana azikutcha anti m'kalasi?"

Nthawi yonseyi Anti Nuriya anali akusankha mpunga pathireyi. Tsopano anaika thireyi pansi.

"Upile, tsitsa foniyo undimvere. Ine ndaona atsikana akubwera ndi kupita. Wina anachoka m'chipinda chomwe chino akuti akukachita unesi. Tinamuperekeza ku eyapoti tikuimba. Atafika kwawo, ndalama ya fizi inayamba ndi maliro a malume ake. Yotsala inagula feteleza, chifukwa kumudzi munthu wochokera kunja sakana. Lero akugulitsa mandasi pa depoti, mwana ali kumbuyo, ndipo amanditumizira mavoisi kuti ndimupezere nyumba kuno. Sindikumunyoza ayi. Ndikungokuuza zomwe ndinaona ndi maso angawa.

"Iwe uli ndi bwana amene samenya, sakulanda foni, amalipira pa tsiku lake. Ukudziwa kuti ndi angati ali ndi zimenezo? Funsa m'chipinda muno, akuuza. Amayi ako akudya chifukwa cha manja akowo. Mng'ono wako Amina ali pasukulu chifukwa cha manja akowo. Ukati ukubwerera, uyambe wawauza chomwe azidzadya iwe uli m'kalasi.

"Ndipo ngati n'kusankha, tenga Business. Mafizo akakanika utsegula golosale, udziwa kuoda katundu. Za ku America zo, kaya. Ine zaka zonsezi ndili kunja, America ndimangoiona pa TV ya kuntchito. Koma digiri ndi digiri. Tenga yaulereyo, gwira ntchito, tumiza ndalama kwanu. Kuphunzira osagwira ntchito ndi kwa ana a anthu olemera. Ife si amenewo, mwanangu."

"Ndamva, Anti."

"Wamva kapena wangoyankha?"

"Ndamva."

Mu metro pobwerera anatsegula foni n'kuyamba kufufuza yekha. Tsamba lina linati Biology basi. Lina linati usatenge Biology, aliyense amatenga yomweyo. Lina linati digiri iliyonse ndi yabwino, bola munthu akhale atachitanso maphunziro ena a mu labu. Labu yake iti? Khitchini ya Madamu?

Potsika metro anali atasankha Psychology. Pofika pageti anali atasintha, inali Business. Povula nsapato sankadziwanso.

4. Kampata ka paphewa

Loweruka m'mawa Sisita Bernadette anabwera ndi chikwama chawo, atanenepako pang'ono ndi zakudya za kwawo.

"Nabwela, mwana wa ku Malawi! Odwala anga ali bwanji?"

"Ali bwino kwambiri, Sisita. Sakuliranso."

"Sakulira?" Sisita anamuyang'ana. "Tiye tikaone."

Anapereka moni kwa a Hajiya m'Chiarabu, n'kuwapatsa kapu ya zigwiriro ziwiri ija. A Hajiya sanatambasule n'komwe dzanja. Zala zinali zitapindikira mkati. Anangoyang'ana Upile n'kuyasama.

Sisita anapinda mkono wa diresi lawo. Pamwamba pa chigongono panali chigamba chofiira, pakati pake thuza.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndimawathowa, Sisita."

"Na madzi otentha?"

"Eya. Amakonda. Sanadandaulepo."

Sisita ananyamula mkonowo pang'onopang'ono. Usanafike patali a Hajiya anakuwa, mphaka mpaka kuthawa pampando. Sisita anaubwezera pansi, n'kuikapo pilo, kenako anakodola Upile kuti atuluke naye pakhonde la mkati.

"Upile, sindikukalipira chifukwa ndiwe woipa. Uli na mtima wabwino maningi, ndipo vuto lachokera pomwepo. Manje mvera. Mkono uja sukumva bwino kutentha. Sitiroko inaononga mbali ya ubongo yomwe imalandira uthenga wochokera pakhungu. Ukaika thaulo, iwo sakuuza kuti ndapsa, chifukwa sakudziwa. Amayi ako kumudzi amathowa munthu woti akhoza kukuwa. Pamkono paja palibe wokuwa. Supuni yanga ili kuti?"

"M'dirowa."

"Chifukwa?"

"Amadzitayira, Sisita. Amalira. Ine sindingaime n'kumaonerera munthu wamkulu. Si mwambo."

"Ndikudziwa. Na ife ku Chipata tinaleredwa chimodzimodzi. Koma ntchito iyi imafuna munthu woti akhoza kupinda manja kumbuyo, gogo akulimbana na batani la malaya mpaka thukuta. Dzanja lomwe ukulichitira zonse limaiwala. Mwezi wathawu ankafikitsa supuni pakamwa. Lero sangagwire na kapu yomwe. Iwe ukuti ndi ulemu. Koma tsiku lomwe udzachoke m'nyumba muno, ulemu wakowo udzapita nawe, iwo adzatsala na dzanja lakufa. Bwera. Bweretsa chala."

Anabwerera m'chipinda. Sisita anagwira chala cha Upile n'kuchiika pamwamba pa phewa labwino la a Hajiya, kenako pa lofooka.

"Wamva chiyani?"

"Phewa."

"Bwerezanso. Osathamanga."

Upile anabwereza, uku ndi uku. Sanamve kanthu. Anatseka maso n'kuyesanso. Ndipo anakamva. Paphewa lofookalo panali kampata, pomwe chala chinkalowa pang'ono. Kumbali inayo kunalibe.

"Fupa latsika," anatero Sisita motsitsa mawu. "Minofu yomwe imaligwira inafooka kale. Ndiye wina wakhala akukoka mkono powadzutsa."

Upile anakhala pansi pomwepo, pa matailosi. Mavidiyo onse aja sanamuuzepo za kampata.

Sisita atamaliza kumanga thuza ndi kuchititsa mafizo, Upile anawaperekeza kukasamba m'manja. Ali pasinki anawafotokozera za digiri, za Madamu, za Tione, za Grayson ndi za Anti Nuriya. Anamaliza ndi funso lomwe lija. "Ndiye nditenge iti?"

Sisita anapukuta manja nthawi yaitali.

"Mwana wa Madamu sananame. Ku America n'zoona, umayamba na digiri ina. Psychology itheka, Business itheka. Koma anakuuza theka chabe. Pambali pa digiriyo amafuna Biology, Chemistry, Physics, za thupi la munthu, zambiri zake za mu labu. Amafunanso kuti ukhale unaimako m'chipatala kuonerera ntchito. Ukamaliza zonsezo ndiye uyambe sukulu ya mafizo yeniyeniyo, ndipo fizi yake ndi ndalama yomanga nyumba zingapo kwanu. Madamu anakulonjeza imeneyo?"

"Ayi. Anati digiri yoyamba."

"Digiri ndi zaka zingati?"

"Zinayi."

"Iwe usayina zingati?"

"Ziwiri."

"Onse akulangizawo akukufunira zabwino," anapitiriza Sisita. "Koma aliyense akuyambira koyambira. Iwe uyambire kumapeto. Ufuna kukagwira ntchito kuti? Ndi sukulu iti ya mafizo yomwe ingakutenge, ndipo iwe ungaikwanitse? Sukulu imeneyo ifuna chiyani? Uwalembere, uwafunse iwowo, osati Grayson. Ine sindinachite digiri ina ayi. Ndinalowa mafizo ku Lusaka nditangomaliza sekondale. Maiko amasiyana. Usagule tikiti ya basi usanadziwe komwe ukupita chifukwa chakuti wina wakulipirira."

"Ndiye ndibwerere kwathu?"

"Ine sindinatero. Kubwerera nako kuli na mavuto ake. Ukhoza kubwereza Chemistry n'kupezanso 7. Ukhoza kukhoza bwino, malo osapezeka, chifukwa amatenga ochepa. Sindingakunamize."

"Ndiye nditani, Sisita? Mwandisokonezeratu."

"Choyamba, tikauze Madamu za thuza na phewa. Chimenecho sitingabise. Chachiwiricho ndi chako."

5. Yankho

Madamu anakalipa. Analankhula Chiarabu chokhachokha, ndipo Upile anathokoza kuti sankamva zonse. Sisita anawafotokozera kuti thuza lipola, ndipo phewa likufunika kusamalidwa koma silinafike poipitsitsa. Madamu anatuluka n'kumenyetsa chitseko.

Masana Upile anatulutsa supuni ija m'dirowa. Anaiika m'dzanja la a Hajiya monga Sisita anamuonetsera, n'kupinda manja ake kumbuyo.

A Hajiya anamuyang'ana. Anayasama. Upile sanasunthe.

"Binti?"

"Yesani, a Hajiya. Pang'onopang'ono."

Supuni inagwa. Upile anaitola, kuitsuka, kuibwezera. Inagwanso. Kenako a Hajiya anaitenga ndi dzanja labwino lija n'kuigenda kukhoma. Anamutcha mawu ena omwe sanali binti. Manja a Upile ankayabwa kumbuyoko, koma anakhala komweko. Mpunga womwe unafika pakamwa tsiku limenelo ukanakwana m'chikhatho cha mwana.

Madzulo Madamu anamuitanira kukhitchini. Mkwiyo unali utatsika.

"Khalas, zatha. Dokotala wati zipola. Unalakwitsa chifukwa umawakonda, ndikudziwa. Ndiye wasankha iti?"

Upile anali asanasankhe. Tsiku lonse mayina aja ankangozungulira m'mutu mwake ngati zovala m'makina ochapira. Anayang'ana foni ya Madamu patebulo, kenako chala chake chomwe chinamva kampata kaja.

"Madamu, pamenepo palibe yomwe ndikufuna."

"Palibe bwanji? Alipo maphunziro ambirimbiri!"

"Alipo. Koma yomwe ndikufunayo imafuna kugwira ndi manja, wina akukuuza kuti bwerezanso. Imafuna labu. Ndikuganiza kuti ndibwerere kwathu ndikabwereze Fomu 4, ndikonze Chemistry."

"Ukuganiza, kapena watsimikiza?"

"Sindisayina, Madamu. Pepani."

"Ukusiya digiri yaulere kuti ukakhale m'kalasi ndi ana?"

"Eya."

"Ukalephera?"

"Sindikudziwa."

"Ukakhoza koma osakutenga?"

"Sindikudziwanso, Madamu."

Madamu anaseka, koma osati kuseka kwa chimwemwe. "Sindikudziwa, sindikudziwa. Munthu amasiya ntchito ndi sindikudziwa?" Anatenga foni yawo n'kuitembenuza chafufumimba. "Chabwino. Ine sindigwira munthu. Kontirakiti ikatha upita, tikiti ndigula monga tinapanganirana. Koma Mama sangakhale opanda munthu, ndipo sindikufuna wa ku ejenti amene sindikumudziwa. Undipezere mtsikana wa kwanu, wa mtima ngati wako. Umuphunzitse usanapite, za supuni zo ndi zonse."

"Ndifunsa, Madamu."

6. Mtengo wake

Lamulungu m'mawa, zovala zili m'makina, Upile anaimbira amayi ake ku Ntaja. Atapatsana moni anawauza zonse mwachangu, asanataye mtima.

Ankangomva nkhuku ndi wailesi ya oyandikana nawo.

"Amayi, mulipo?"

"Ndilipo. Ndiye ife tizidya sukuluyo?"

"Ndasungako pang'ono. Ndizikachitanso geni ndikaweruka. Ndi chaka chimodzi chokha, Amayi, kenako..."

"Kenako zaka zina. Ine sindinapite kusukulu, koma ndikudziwa kuti udokotala si wa chaka chimodzi. Unaona denga lija mvula yathayi? Unaona mtengo wa thumba la feteleza? Anzako akulira kuti apite kumeneko, amayi awo amabwera pano kudzandigwadira kuti ndikuuze uwapezere malo. Iwe malo uli nawo, ukuwataya."

"Sakutayika, Amayi. Madamu akuti ndiwapezere mtsikana wina wa kwathu kuno. Mwina mwana wa a Asani a m'mudzi mwathu uja, amene anasiya kale sukulu."

Mawu a amayi ake anasintha.

"Akufuna mtsikana?"

"Eya."

"Nyumba yosamenya, yolipira pa tsiku lake, tiipereke kwa mwana wa eni? Amina wakula."

"Amayi, Amina ali Fomu 3!"

"Iwe unamaliza Fomu 4, uli kuti? Ukukolopa. Iye akakolope, iwe uphunzire, poti ndi zomwe wafuna. Pakhomo pano pakufunika mmodzi wotumiza. Ndi ndani, zimenezo mwasankha nokha."

"Amina sanasankhe kanthu! Mpatseni foni ndilankhule naye."

"Wapita kumjigo. Ndimuuza ine."

Foni inaduka. Upile anaimbanso, sinayankhidwe. Makina ochapira analira kuti amaliza, ndipo m'chipinda a Hajiya anali akuitana, osatchula dzina.

Tsono amene mukuganiza kuti kusankha maphunziro ndi nkhani yongoloza dzina lokoma, onani zomwe Upile analipira, asanagule ndi kope lomwe.

Digiri yaulere inapita. Malipiro a zaka ziwiri anapita, pamodzi ndi malata a denga la amayi ake. Madamu anasiya kumupatsa zovala zomwe atopa nazo, ndipo ankamulankhula za ntchito zokha. A Hajiya ankatembenukira kukhoma iye akalowa ndi thireyi. Anti Nuriya atamva anangotumiza uthenga wa mawu awiri, wakuti "Zako izo." Tione anati amusokera yunifolomu ya sayizi yaikulu. Chemistry inali ikadali 7, ndipo panalibe amene anamulonjeza malo ku Blantyre.

Zonsezo zinali zake, ndipo akanatha kuzisenza. Koma madzulo a Lamulungu lomwelo kunabwera voisi yochokera kwa Amina, mawu ali otsika ngati akubisala kuseri kwa nyumba.

"Achemwali, mwawauza chiyani Amayi? Akuti mawa ndisapite kusukulu. Akuti ndivale diresi labwino, tikupita ku Liwonde kukajambulitsa zithunzi za pasipoti."